Munthu wa Kumudzi Akafunika Opaleshoni: Zimene Taona Kuno ku Lundazi

Pa msika wa Lundazi, kumbali kumene amagulitsa nyemba ndi nshawa, panali bambo wina amene tinazolowera kuceza nawo tikabwera ku Boma. Anali mlimi wolimbika, wa msinkhu wathu womwewu. Kwa zaka zambiri bambowa anali ndi cotupa m'cinena, cimene cinali kutuluka akanyamula thumba ndi kubwerera cokha akagona cagada. Tsiku lina tinawafunsa kuti, "Kodi bambo, a kucipatala anacionako cimeneci?" Iwo anaseka nati, "Aphunzitsi, ine mpeni ndiuopa. Lekani ndikolole, ndidzapita." Anakolola katatu konse, osapita.

Caka cina m'mwezi wa February, usiku mvula ili kugwa, cotupa cija cinatuluka ndipo sicinabwererenso. Anayamba kusanza, mimba inatupa. Acibale anayamba ndi mankhwala a zitsamba, nayembekeza kuti kuce. M'mawa anawakweza pa ngolo ya ng'ombe, koma anapeza mtsinje utadzaza ndipo anakhala pa gombe mpaka masana. Pa kiliniki anamwino anaona msanga kuti nkhaniyi ndi ya opaleshoni, koma ambulansi inali itapita kwina ndi wodwala wina. Anafika ku cipatala cacikulu usiku wa tsiku laciwiri. Adotolo atatsegula anapeza thumbo litada kale. Anayesa zonse zimene akanatha, koma patapita masiku atatu tinali kukumba manda. Anasiya mayi ndi ana asanu ndi mmodzi, cimanga cili m'munda cosakhwima.

Nthenda imene inawatenga acipatala amaicha heniya. Munthu akapita nayo nthawi ilipo, opaleshoni yake kawirikawiri sipitirira ola limodzi, ndipo pakapita masiku ocepa amakhala ali kunyumba. Ici ndico catilembetsa nkhaniyi. Maliro otere tayenda ambiri, ndipo pobwerera timangoti inali nthawi yawo. Tiyeni lero tifunsane moona mtima ngati inalidi nthawi yawo.

KODI NDI OPALESHONI YOTANI IMENE TIKAMBA?

Tikamva za opaleshoni ambiri timaganiza za zinthu zazikulu za ku UTH ku Lusaka kapena kunja kwa dziko. Sitikamba zimenezo. Tikamba za nchito zimene cipatala ca m'boma ciyenera kugwira tsiku lililonse: kutulutsa mwana pa mpeni mayi akalephera kubereka, kuletsa magazi mayi atacira, kucotsa mimba imene yakhala kunja kwa ciberekero, kukonza heniya ndi phudzi, kumasula matumbo opotana, kutumbula cithupsa cozama, kutsuka ndi kumanga fupa lothyoka limene latulukira kunja, ndi kusamala mwana amene wagwera pamoto. Zonsezi ndi ngozi za mlimi. Ng'ombe imagunda, ngolo imagubuduka, nkhwangwa imaphonya, ndipo njinga zamoto zimene zacuruka m'misewu yathu zathyola anyamata ambiri.

M'caka ca 2015 buku la akatswiri lofalitsidwa ndi World Bank linachula maopaleshoni 44 amene dziko lililonse liyenera kupereka kwa anthu ake. Linanenanso kuti akanapezeka kwa onse m'maiko osauka ndi otukuka pang'ono, miyoyo pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka ikanapulumuka caka ciliconse. Caka comweco gulu lina la akatswiri, Lancet Commission on Global Surgery, linapeza kuti anthu mabiliyoni 5 pa dziko lapansi sangathe kupeza opaleshoni yabwino, pa nthawi yake ndi pa mtengo umene angakwanitse. Linati pafunika maopaleshoni ena mamiliyoni 143 pa caka, ndi kuti mu 2010 mokha anthu pafupifupi mamiliyoni 17 anafa ndi matenda ofuna opaleshoni. Ciwerengero cimeneci ciposa ca omwalira ndi Edzi, TB ndi malungo tikawaphatikiza pamodzi.

Gulu lomweli linaika muyeso umene tonse tingaumve. Munthu aliyense ayenera kufika m'maola awiri pa cipatala cimene cingathe zinthu zitatu: kubereketsa pa mpeni, kutsegula mimba, ndi kukonza fupa lotulukira kunja. Cipatala cimene cikwanitsa zitatuzi ndiye kuti cili ndi anthu, zida, magazi ndi magetsi okwanira nchito zina zambiri. Awerengi, aliyense adzifunse yekha: kucokera pakhomo panu, usiku, m'mwezi wa January, maola awiri angakufikitseni kuti?

DZIKO LATHU LINATSOGOLERA

Ambiri sadziwa kuti Zambia ndiye inatsogolera nkhani imeneyi pa dziko lonse. M'mwezi wa May 2015, pa msonkhano waukulu wa bungwe la WHO ku Geneva, maiko anavomereza cigamulo ca nambala 68.15 cimene cinati opaleshoni ndi mankhwala ogonetsa ndi mbali ya thandizo limene munthu aliyense ayenera kulandira. Amene anayendetsa zokambirana m'dzina la dziko lathu anali Dr Emmanuel Makasa, dotolo wa mafupa. Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo unatulutsa dongosolo la zaka za 2017 mpaka 2021 la opaleshoni, ubereki ndi mankhwala ogonetsa, ndipo Zambia inali pakati pa maiko oyamba kulemba dongosolo lotere.

Ngakhale izi zisanacitike, dziko lathu linali litayamba kale kufuna njira. Madotolo odziwa opaleshoni ndi ocepa, ndipo ambiri a iwo ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Pa cifukwa ici, mu 2002 sukulu ya Chainama inayamba kuphunzitsa ma Medical Licentiate. Awa ndi ma kiliniko ofesa amene amaonjezera maphunziro kuti azitha kubereketsa pa mpeni, kukonza heniya ndi kugwira maopaleshoni ena a mwadzidzidzi m'zipatala za kumidzi. Kuyambira 2011 mpaka 2016 nchito yochedwa COST-Africa, mogwirizana ndi Royal College of Surgeons in Ireland, inathandiza kuwaphunzitsa ndi kuwayendera kuno ndi ku Malawi. Anthu ena amanyinyirika akamva kuti wowacita opaleshoni si dotolo wamkulu. Dziwani kuti awa ndi anthu ophunzitsidwa ndi ovomerezedwa ndi boma, ndipo amayi ambiri amene tiyenda nawo lero anapulumukira m'manja mwawo. Palinso bungwe la FlySpec, limene Prof John Jellis analiyambitsa mu 1982, lotenga akatswiri a mafupa pa ndege kupita nawo ku zipatala zakutali.

Zonsezi ndi zabwino. Koma dongosolo lolembedwa ku Lusaka siliwolotsa munthu mtsinje wodzaza.

MAKWERERO A CIPATALA KUNO KWATHU

Wodwala wa kumudzi amayambira pa kiliniki yapafupi. Kumeneko kulibe cipinda ca opaleshoni. Nchito ya anamwino kapena kiliniko ofesa ndi kuzindikira vuto, kupereka thandizo loyamba ndi kutumiza wodwala pamwamba. Pamwamba pake pali Lundazi District Hospital, ndipo pa njira ya ku Chipata pali cipatala ca mishoni ca Lumezi. Zikakanika kuno, wodwala amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, ulendo wa makilomita pafupifupi 180. Ena amapitirira mpaka ku St Francis ku Katete, cipatala cimene cinayamba mu 1948 ndipo amaciyendetsa pamodzi a Anglican ndi Akatolika. Okhala kufupi ndi malire a Lusuntha ena amawolokera ku Malawi, ku cipatala ca mishoni ca Embangweni.

Mu 2018 Lumezi ndi Chasefu zinakhala maboma paokha, koma mtunda sunafupike. Abale athu a kwa Kazembe, kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya m'cigwa ca Luangwa ndiwo amamva kuwawa koposa, pakuti mvula ikakula misewu ya kumeneko imaduka. Kwa mayi wa kumeneko amene mwana wapingasa m'mimba, maola awiri aja ndi loto cabe.

KUCEDWA KUTATU

Mu 1994 ofufuza awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti amayi amafa pa ubereki cifukwa ca kucedwa kwa mitundu itatu. Taona kuti mawu awo agwiranso kwa bambo wa heniya ndi kwa mnyamata wothyoka mwendo.

Kucedwa koyamba kumacitika pakhomo. Tiopa mpeni. Timati wopita ku opaleshoni sabwerako. Timayamba kwa sing'anga, ndipo cipatala timacikumbuka munthu atafooka. Amuna amabisa za m'cinena cifukwa ca manyazi, kuiwala kuti wobisa matenda maliro amamuulula. Mayi akacedwa kucira, m'malo mofuna motoka, azimayi akuluakulu ena amayamba kumufunsa kuti aulule amuna amene anayenda nawo, kapena amati bambo wake ndiye sanayende bwino. Abale, mwana amakanika kutuluka cifukwa mutu ndi waukulu, njira ya mafupa a m'ciuno ndi yocepa, kapena wagona mopingasa. Kuulula sikukulitsa mafupa. Ena amamwetsa mayi mankhwala ofulumizitsa matenda, ndipo mankhwalawo angathe kung'amba ciberekero. Kwina banja lonse limakhala pansi kuyembekeza bambo kapena malume amene ali kutali kuti avomereze. Mayi wamkulu, wa nzeru zake, ali ndi ufulu wovomera yekha opaleshoni yopulumutsa moyo wake.

Nthawi siyembekeza msonkhano wa banja. Acipatala amaphunzitsa kuti mayi wotaya magazi ambiri atacira angafe m'maola awiri. Ciberekero cikang'ambika, tsiku limodzi ndi lokwanira. Thumbo lofinyika mu heniya lingayambe kufa m'maola ngati asanu ndi limodzi. Mayi amene wakhala masiku ali pa matenda mwana osatuluka, akapulumuka, nthawi zambiri mwana amakhala atafa, ndipo iye angatsale ndi fisitula, nthenda yotaya mkodzo kosaleka. Amayi otere alipo m'midzi yathu, obisala m'nyumba. Auzeni kuti nthendayi imakonzeka ndi opaleshoni, ndipo ku St Francis ku Katete akhala akuthandiza amayi otere.

Kucedwa kwaciwiri kuli pa njira: mtsinje wopanda mlatho, ngolo yoyenda pang'onopang'ono, foni yosagwira, ambulansi imodzi yoyang'ana makiliniki ambiri, ndi mwini motoka amene afuna ndalama ya mafuta asanalize injini. Mu April 2006 boma linacotsa malipiro m'zipatala za boma za kumidzi, ndipo zinatithandiza kwambiri. Koma ulendo, cakudya ca woyang'anira wodwala ndi masiku otayika kumunda zonse zimatuluka m'thumba la banja. Ndiye cifukwa cake ena amagulitsa mbuzi, ena cimanga ca m'nkhokwe, ndipo ena amangokhala.

Kucedwa kwacitatu kuli m'cipatala mwenimweni. Opaleshoni sifuna dotolo yekha. Ifuna wogonetsa wodwala, anamwino a m'cipinda ca opaleshoni, magetsi osazima, madzi, mpweya wa okosijeni, makina ophikira zida, ulusi wosokera ndi magazi. Cimodzi cikasowa, nchito imaima ndipo wodwala amakwezedwanso m'motoka. Pano tinene zoona, pakuti mantha a anthu sali opanda maziko. Kafukufuku wa m'maiko 25 a mu Africa, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti odwala a kuno amafa pambuyo pa opaleshoni kawiri kuposa mmene zikhalira pa dziko lonse, ngakhale kuti ambiri ndi acinyamata. Ofufuzawo anaona kuti imfa zambiri zimadza m'masiku otsatira, pamene wodwala wayamba kufooka koma anamwino ndi zida zomuyang'anira n'zocepa. Yankho lake ndi kuonjezera anchito ndi zida, komanso ife kufika msanga thupi lisanathe mphamvu.

UMBONI WAKUTI ZINTHU ZINGASINTHE

Sitiyenera kupita kutali kuti tipeze umboni. Mu 2012 nchito ya Saving Mothers, Giving Life inayamba m'maboma anayi a dziko lino: Kalomo, Mansa, Nyimba ndi Lundazi. Inalimbana ndi kucedwa konse kutatu pa nthawi imodzi. Inaphunzitsa magulu a SMAG oyenda m'midzi, inathandiza pa mayendedwe ndi mafoni, inaonjezera azamba a cipatala, ndipo inalimbitsa zipatala zocita opaleshoni ndi kuika magazi. Pakati pa 2012 ndi 2016 imfa za amayi m'maboma amene nchitoyi inagwira zinatsika ndi 41 pa 100 aliyense. Pambuyo pake mabungwe ena anamanga nyumba zodikirira amayi apakati pa makiliniki ena a kuno.

M'dziko lonse namonso ziwerengero zatsika. Kafukufuku wa boma wa 2007 anapeza amayi 591 omwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo. Wa 2013 mpaka 2014 anapeza 398, ndipo wa 2018 anapeza 278. Koma kafukufuku yemweyo wa 2018 anaonetsa kuti ana 5 cabe pa 100 anabadwa pa mpeni, pamene bungwe la WHO linaona kuti imfa za amayi ndi makanda zimapitiriza kutsika mpaka ciwerengeroci cifike pa 10. Kutanthauza kuti panali amayi ambiri ofunika opaleshoni amene sanaipeze, makamaka kumidzi.

ZIMENE IFE TINGACITE

Mutu umodzi susenza denga. Pali zina zimene sitiyenera kuyembekeza boma.

Coyamba, tidziwe zizindikiro zosagonetsa munthu pakhomo: cotupa ca m'cinena cimene cakana kubwerera ndipo cipweteka, mimba yotupa pamodzi ndi kusanza, munthu osacita cimbudzi kapena kutulutsa mpweya, mayi amene wadumpha mwezi ndipo wamva kupweteka koopsa m'munsi mwa mimba kapena wakomoka, mayi wapakati wotaya magazi kapena wokomoka ngati wa khunyu, matenda a ubereki opitirira maola 12, dzanja kapena mcombo wa mwana kutsogola, ndi fupa loonekera kunja. Munthu wotere musamupatse nsima, phala kapena zitsamba, pakuti mimba yodzaza imavutitsa omugonetsa. Bala la fupa liphimbeni ndi nsalu yoyera, mumange mwendo ku kamtengo kuti usagwedezeke, ndipo nyamukani nthawi yomweyo.

Caciwiri, abambo amene muli ndi heniya kapena phudzi, nyengo yopita ndi ino ya cilimwe, mutagulitsa mbewu, misewu ili youma ndipo khasu lili pa mpumulo. Pitani mukalembetse tsiku. Mukacira mudzapewa zolemera kwa milungu ingapo monga adzakuuzirani acipatala, ndipo mvula ikamagwa mudzakhala mutalimba.

Cacitatu, mayi wokhala kutali apite ku nyumba yodikirira mwezi wake womaliza ukayamba, makamaka amene anacirapo pa mpeni, wa mimba yoyamba ali wamng'ono, ndi woyembekeza mapasa. Bambo, ufa ndi nkhuni za kumeneko ndi udindo wanu. Musamunene kuti wathawa nchito ya kumunda.

Cacinayi, mudzi uliwonse, mphakati uliwonse ndi kalabu iliyonse ya alimi ikhale ndi thumba la mayendedwe. Pa nthawi yokolola banja lililonse lipereke tini ya cimanga kapena ya nyemba, zigulitsidwe, ndalama isungidwe ndi anthu awiri okhulupirika, ndipo zonse zilembedwe m'buku. Gwirizanani ndi mwini motoka kapena njinga yamoto vuto lisanafike, ndipo nambala yake ndi ya pa kiliniki zidziwike kwa onse.

Cacisanu, tipereke magazi. Magazi sapangidwa ku fakitale. A Zambia National Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale, ndipo masukulu akatsekera magazi amacepa. Akabwera pa msika, pa chalichi kapena pa sukulu, ife akuluakulu athanzi titsogole. Zakuti magazi amakagulitsidwa kwa a satana ndi nkhambakamwa zimene zaphetsa amayi athu.

PEMPHO KWA ATSOGOLERI

Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, ndipo caka comweco boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000. Tipempha aphungu athu, makhansala ndi makomiti a citukuko a m'mawodi kuti pogawa ndalamazi akumbukire milatho ing'onoing'ono yopita ku makiliniki, nyumba zodikirira amayi, magetsi a dzuwa ndi nyumba za anchito a cipatala. Wogonetsa odwala sangakhalitse kumene kulibe nyumba, madzi ndi sukulu ya ana ake. Tipempha Unduna wa Zaumoyo kuti cipatala ciliconse ca m'boma cikhale ndi anthu okwanira kucita opaleshoni usana ndi usiku, kuti mmodzi akadwala kapena akapita ku msonkhano cipinda cisatsekedwe. Tipemphanso kuti akatswiri a ku Chipata aziyendera zipatala zathu pa masiku odziwika, olengezedwa pa wailesi, kuti anthu azikonzekera. Mafumu athu ndi anyakwawa, mawu anu amamveka kuposa athu: letsani mwambo wozenga mlandu mayi ali pa matenda.

Ifenso eni ake tizipita ku misonkhano ya makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi kufunsa mwaulemu: ambulansi yathu ili kuti, mafuta ake amacokera kuti, ndipo pa miyezi itatu yapitayi ndi angati anatumizidwa ndipo anafika patapita maola angati? Mafunso otere amathandiza anamwino athu, pakuti iwonso amalira zinthu zomwezo.

Pa malo paja pa msika lero pamakhala mwana wamkulu wa malemu, amene anasiya sukulu kuti adyetse azing'ono ake. Mwezi wathawu tinagula nyemba kwa iye, ndipo anatiuza kuti amalume ake, amene anali ndi nthenda yomwe ija, anapita ku cipatala atangogulitsa soya. Anagonako masiku awiri. Tsopano ali kumudzi, akonza zomangira ng'ombe kuyembekeza mvula yoyamba.

Mukawerenga tsambali musakulungire fodya. Kawerengereni anzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo pa msonkhano wanu wotsatira mukayambe ndi nkhani ya thumba la mayendedwe.